Momwe mungawerengere mayere a mpikisano wa tenisi ya amayi musanatchule wotenga chikho

Ambiri a ife kuno ku Kasungu mayere tinawadziwira ku mpira wa miyendo, kumene mayina a matimu amaikidwa m'mbale, wina n'kumatola, ndipo ndime ikatha nthawi zambiri mayere amachitikanso. Ku tenisi zinthu siziyenda choncho. Mayere amachitika kamodzi kokha, kutatsala masiku ochepa kuti mpikisano uyambe, ndipo pepala limene limatuluka tsiku limenelo limasonyeza njira yonse imene wosewera aliyense ayenera kudutsa kuchokera pa masewero oyamba kukafika pa fainolo. Amene wadziwa kuwerenga pepalali amaonera mpikisano ali ndi chithunzi chonse m'mutu, pomwe mnzake amangoyang'ana nambala imene ili pambali pa dzina n'kunena kuti woyamba pa mndandanda ndiye atenge chikho. Nambalayo ili ndi ntchito yake, koma chimene chimauza munthu zambiri ndi njira, ndiko kuti anthu amene wosewerayo ayenera kuwagonjetsa, bwalo limene adzakumanepo, ndiponso mphamvu zimene adzakhale atatsala nazo pofika pamenepo.

Yambani ndi kudziwa mtundu wa mpikisano umene mukufuna kuunika. Mipikisano ikuluikulu, yotchedwa Grand Slam, ilipo inayi pa chaka. Australian Open imachitikira ku Melbourne mu Januwale, nthawi imene ife tili kalikiliki ndi kupalira; Roland Garros imachitikira ku Paris kumapeto kwa Meyi mpaka kumayambiriro kwa Juni, fodya akugulitsidwa ku Chinkhoma; Wimbledon ya ku London imabwera m'nyengo yozizira, kumapeto kwa Juni ndi mu Julaye; ndipo US Open ya ku New York imayamba kumapeto kwa Ogasiti n'kutha mu Seputembala. Uliwonse mwa mipikisano imeneyi umakhala ndi osewera 128, choncho wotenga chikho ayenera kupambana masewero 7 motsatizana m'masabata awiri. Mipikisano ina ya chaka chonse imayendetsedwa ndi WTA, bungwe la tenisi ya amayi limene katswiri wa tenisi Billie Jean King ndi anzake anayambitsa mu 1973, ndipo imagawidwa m'magulu a WTA 1000, WTA 500 ndi WTA 250 malinga ndi mapointi amene wopambana amalandira. Ina mwa ya WTA 1000, monga Indian Wells ndi Miami, imakhala ndi osewera 96, ndipo osewera 32 apamwamba amadumpha ndime yoyamba osasewera. Malangizo otsatirawa ndawalemba poganizira Grand Slam, koma amagwiranso ntchito pa mipikisano ing'onoing'ono.

Kupeza pepala ndi kuligawa

Pepala la mayere limaikidwa pa tsamba la pa intaneti la mpikisano womwewo ndiponso pa tsamba la WTA, ndipo silidya bandulo yambiri. Vuto lake ndi lakuti mayina 128 sakwana bwino pa galasi la foni, moti munthu amangoona kachidutswa n'kuiwala zimene zili pamwamba ndi pansi. Ine ndimapita nalo ku sitolo yosindikiza mapepala pa boma, kapena ndimalikopera ndekha pa masamba apakati a kope, mayina 64 kumanzere ndi 64 kumanja. Kukopera kumatenga pafupifupi ola limodzi, koma ola limenelo silipita pachabe, chifukwa dzina limene dzanja lalemba silisowa m'mutu, ndipo mumayamba kuona amene ali pafupi ndi mnzake musanamalize n'komwe.

Mukatero pindani pepalalo pakati kuti mukhale ndi theka la pamwamba ndi theka la pansi, kenako gawani theka lililonse pawiri. Tsopano muli ndi zigawo zinayi za osewera 32, ndipo chigawo chilichonse chidzatulutsa munthu mmodzi yekha wopita mu semifainolo. Kuyambira pamenepa lekani kuganiza za mpikisano umodzi wa anthu 128. Ganizani za mipikisano inayi yosiyana, chifukwa osewera awiri abwino kwambiri akagwera m'chigawo chimodzi, mmodzi wa iwo sadzafika mu semifainolo ngakhale atasewera bwino chotani.

Kumvetsa malo a ma seed

Mwa osewera 128 aja, 32 amene ali pamwamba pa mndandanda wa dziko lonse amapatsidwa manambala kuyambira 1 mpaka 32, ndipo amenewa ndi amene amatchedwa ma seed. Cholinga chake ndi kuwabalalitsa kuti asatulutsane msanga. Nambala 1 amaikidwa pamwamba penipeni pa pepala ndipo nambala 2 pansi penipeni, kotero kuti angakumane pa fainolo pokha. Nambala 3 ndi nambala 4 amachitiridwa mayere kuti wina apite theka la pamwamba, wina la pansi, ndipo apa ndi pamene maso anu ayenera kuyamba kugwera, popeza ndi pomwe mumadziwira amene nambala 1 angakumane naye mu semifainolo. A nambala 5 mpaka 8 amagawidwa mmodzi m'chigawo chilichonse.

Ma seed sangakumane okhaokha ndime yachitatu isanafike. Pa ndime imeneyo a nambala 1 mpaka 8 amayembekezeka kukumana ndi a nambala 25 mpaka 32, pomwe a nambala 9 mpaka 16 amayembekezeka kukumana ndi a nambala 17 mpaka 24. Pa ndime yachinayi a nambala 1 mpaka 4 amayang'anizana ndi a 13 mpaka 16, ndipo a 5 mpaka 8 amayang'anizana ndi a 9 mpaka 12. Tengani cholembera chofiira muzungulize ma seed onse, kenako lembani pambali masewero a makota fainolo amene angachitike ngati aliyense wa nambala yapamwamba atapambana. Zimenezi si ulosi ayi, koma ndi mafupa chabe amene mudzapachikepo zina zonse.

Muyeneranso kudziwa chimene nambala ija ikuyeza. Mndandanda wa dziko lonse umawerengera mapointi amene wosewera wapeza m'masabata 52 apitawo, pa mabwalo a mitundu yonse pamodzi. Wopambana Grand Slam amalandira mapointi 2000, wogonja pa fainolo 1300, ndipo wotuluka pa ndime yoyamba amapita ndi 10 okha. Izi zikutanthauza kuti munthu angathe kukhala ndi nambala yapamwamba chifukwa cha zimene anachita miyezi 10 yapitayo pa bwalo la mtundu wina, pomwe pakali pano mwendo ukumuvuta. Akuluakulu anati fodya wako ndi amene ali pamphuno, wa pachala ndi wa mphepo. Nambala ya seed ndi fodya wa pachala, sinapambanitsepo munthu gemu ngakhale imodzi.

Mayina oopsa amene alibe nambala

Gawo limeneli ndi limene limasiyanitsa wowerenga bwino ndi wongoyang'ana, choncho musalifulumire. Osewera 96 amene si ma seed amamwazidwa paliponse ndi mayere, ndipo pakati pawo pamakhala anthu amene palibe seed aliyense angakonde kukumana nawo tsiku loyamba. Pali akatswiri akale amene atsika pa mndandanda chifukwa chovulala kapena chifukwa anapita kukabereka. Pali atsikana a zaka 18 kapena 19 amene akukwera mofulumira kuposa momwe mndandanda ukuyendera. Palinso amene luso lawo limangoonekera pa bwalo la mtundu umodzi, moti chaka chonse samveka, koma nyengo ya bwalo lawolo ikafika amavuta.

Pambali pa mayina ena mudzaona zilembo. Chilembo Q chimasonyeza wochokera ku ndime yachipulula, amene wapambana kale masewero atatu kuti alowe. Otere amakhala 16, ndipo amafika atazolowera kale bwalo ndi nyengo pamene anzawo akungoyamba. Zilembo WC zimasonyeza amene eni mpikisano amupatsa mwayi wapadera wolowa ngakhale nambala yake siyikumulola, ndipo otere amakhala 8. Zilembo LL zimasonyeza amene anagonja ku chipulula koma walowa m'malo mwa wina amene wadzichotsa. Musawapeputse anthu amenewa. Mu 2021 Emma Raducanu wa ku Britain, ali ndi zaka 18 ndiponso ali pa nambala 150, anachokera ku chipulula n'kutenga US Open atapambana masewero 10 osataya seti ngakhale imodzi (seti ndi gawo la masewero, limene kawirikawiri amapambana ndi woyamba kufika magemu 6). Mu 2009 Kim Clijsters wa ku Belgium, atabwerera kuchokera kobereka, analowa US Open ndi mwayi wapadera, n'kugonjetsa Venus Williams ndi Serena Williams panjira, ndipo anatenga chikho. Coco Gauff naye anapambana mpikisano wake woyamba wa WTA ku Linz mu 2019 ali ndi zaka 15, atalowa ngati LL.

Zoterezi zimatheka chifukwa amayi amasewera maseti osapitirira atatu, ndipo amene wayamba kupambana awiri ndiye wapambana. Katswiri akadzuka molakwika, ola limodzi lokha limakwana kuti atuluke asanapeze mpata wodzikonza. Seti yachitatu ikafika pa 6-6, kuyambira mu 2022 mipikisano yonse inayi imamaliza ndi tie-break, gemu yapadera yolekanitsa olingana, ya mapointi 10, imene imatha m'mphindi zochepa. Choncho lembani nyenyezi pambali pa dzina lililonse loopsa, kenako werengani nyenyezi zimene zili m'njira ya seed aliyense m'ndime zitatu zoyambirira.

Bwalo

Tenisi imaseweredwa pa mabwalo a mitundu itatu, ndipo kusiyana kwake ndi kwakukulu. Bwalo la Roland Garros ndi la dothi lofiira, limene pamwamba pake amathirapo ufa wa njerwa zoperedwa, monga fumbi lija limatsala pamalo pamene anthu aphwasula uvuni wa njerwa. Pa dothili mpira umachedwa ndipo umanjanja m'mwamba, motero limakomera wosewera wopirira, wodziwa kutsetsereka pothamangira mpira, ndiponso womenya mpira wozungulira kwambiri. Iga Swiatek wa ku Poland anapambana kumeneko mu 2020, 2022, 2023 ndi 2024. Bwalo la Wimbledon ndi la kapinga, pamene mpira umathamanga n'kumadutsa pansipansi, ndipo seva yamphamvu, kumenya kumene kumayambitsa mpira, imapindula kwambiri, monga anasonyezera Elena Rybakina mu 2022. Mabwalo a ku Melbourne ndi ku New York ndi olimba, mpira umanjanja mofanana nthawi zonse, ndipo ndi pamene Aryna Sabalenka wapezera zikho zake za Australian Open mu 2023 ndi 2024 ndiponso za US Open mu 2024 ndi 2025.

Pa wosewera aliyense amene mukumuganizira, funsani kuti m'zaka ziwiri kapena zitatu zapitazi anafika pati pa bwalo la mtundu umenewu. Samalani makamaka ndi Wimbledon, chifukwa pakati pa fainolo ya ku Paris ndi tsiku loyamba la ku London pamangodutsa masabata atatu, ndipo nthawi yozolowera kapinga imachepa. Mu 2025 Gauff anatenga chikho cha Roland Garros mu Juni, koma atafika ku Wimbledon ali nambala 2 anatuluka pa ndime yoyamba m'manja mwa Dayana Yastremska. Kuyambira 2017 mpaka 2025 chikho cha amayi cha Wimbledon chinatengedwa ndi anthu 8 osiyana, popanda wobwereza.

Mbiri ya anthu awiri akakumana

Apa ndifotokoze zimene zinandichitikira, chifukwa ndi pamene ndinaphunzirira mfundo imeneyi. Mu Julaye 2023 ndinkatsatira Ons Jabeur wa ku Tunisia ndi mtima wonse, monga ankachitira anthu ambiri mu Africa muno, popeza anali atagonja kale pa fainolo ziwiri mu 2022, ya Wimbledon ndi ya US Open. Ku Wimbledon ya 2023 anali nambala 6, ndipo njira yake inali yaminga: anagonjetsa Petra Kvitova, kenako Rybakina amene anamulanda chikho chaka chathacho, kenako Sabalenka mu semifainolo. Pa fainolo anakumana ndi Marketa Vondrousova wa ku Czech Republic, amene sanali seed ndipo anali pa nambala 42. Loweruka limenelo ndinakaonera kwa mnzanga wina amene ali ndi dishi, titavala majuzi chifukwa cha kuzizira, ndipo m'kope langa ndinali nditalemba kale dzina la Jabeur pa mzere wa wopambana. Anagonja 6-4, 6-4, ndipo misozi imene anakhetsa polandira mbale ya wachiwiri inatikhalitsa chete tonse m'chipindamo.

Usiku womwewo nditayang'ananso, ndinapeza kuti Vondrousova anali atamugonjetsa kale Jabeur kawiri chaka chomwecho, ku Australian Open ndi ku Indian Wells. Ndi wamanzere, amabweza mipira yambiri, ndipo amasinthasintha liwiro la mpira, zimene zinkamulanda Jabeur chida chake chomwe. Zonsezi zinali poyera, koma ine ndinayang'ana nambala 6 ndi nambala 42 basi. Kuyambira pamenepo, pa masewero aliwonse akuluakulu amene ndikuwayembekeza, ndimafufuza kuti awiriwo anakumana kangati, anapambana ndani, liti, ndiponso pa bwalo lanji. Tsamba la WTA limasonyeza zimenezi mukalowetsa mayina awiri. Chitsanzo china chodziwika ndi cha Jelena Ostapenko wa ku Latvia, amene pofika mu Epulo 2025 anali atakumana ndi Swiatek ka 6 n'kupambana konse, ngakhale kuti pa mndandanda Swiatek amakhala pamwamba pake kutali. Ostapenko amamenya mpira molimba ndiponso msanga, osampatsa mnzakeyo nthawi yokonzekera. Mukaona mayina awiriwa m'chigawo chimodzi, nambala zawo zisakusokonezeni. Koma mbiri ya masewero amodzi okha, kapena a zaka zisanu zapitazo, musaidalire kwambiri.

Momwe wosewera wafikira

Chomaliza kuunika ndi masabata atatu kapena anayi mpikisano usanayambe. Madison Keys wa ku America anafika ku Australian Open ya 2025 ali nambala 19, koma anali atangotenga chikho ku Adelaide. Amene anaona zimenezo sanadabwe kwambiri pamene anagonjetsa Danielle Collins, nambala 10, pa ndime yachitatu, kenako Rybakina, Elina Svitolina, Swiatek ndi Sabalenka, n'kutenga Grand Slam yake yoyamba ali ndi zaka 29. Komabe chizindikiro chimenechi chili ndi mbali ziwiri. Sabata yomaliza Wimbledon ya 2025 isanayambe, Jessica Pegula anagonjetsa Swiatek pa fainolo ya ku Bad Homburg pa kapinga. Patangopita masiku ochepa Pegula, ali nambala 3, anatuluka pa ndime yoyamba ku London, pomwe Swiatek, ali nambala 8, anapita mpaka kumapeto n'kugonjetsa Amanda Anisimova 6-0, 6-0. Mmene ndimaonera ine, chofunika si chikho cha sabata yathayo pachokha, koma kuti wosewera wapeza masewero okwanira pa bwalo loyenera ndipo wafika thupi lili bwino. Fufuzani ngati anadzichotsa mu mpikisano wina posachedwa, ngati anasiyira masewero panjira, ngati akuoneka ndi bandeji pa ntchafu kapena pa phewa, ndiponso ngati wangosintha mphunzitsi.

Ndinene pano kuti zonsezi ndazilembera munthu wofuna kusangalala ndi masewero powamvetsa. Achinyamata ambiri pa boma pano amabetcha pa foni, ndipo zitsanzo zimene ndatchulazi zikusonyeza poyera kuti tenisi ya amayi si malo oikapo ndalama ya feteleza.

Kulemba maganizo anu ndi kuwatsatira

Tsopano bwererani ku zigawo zinayi zija. M'chigawo chilichonse lembani mayina awiri: amene mukukhulupirira kuti afika mu semifainolo, ndi amene angamusokoneze. Pambali pa dzina lililonse lembani chifukwa chimodzi chogwirika, monga bwalo, mbiri ya kukumana kwawo, kapena njira yopepuka. Ngati chifukwa chokha chimene mwapeza ndi chakuti ndi nambala 1, ndiye kuti simunamalize ntchito. Yerekezaninso kulemera kwa matheka awiri, chifukwa amene watuluka m'theka lodzaza akatswiri amafika pa fainolo atasewera maola ambiri kuposa mnzake. Mukamaliza zonsezi, apo m'pamene mungatchule wotenga chikho.

Mpikisano ukayamba, fufutani ogonja madzulo aliwonse ndipo lembani zigoli, makamaka za amene akupambana movutikira m'maseti atatu. Ndime yachitatu ikatha pamatsala mayina 16 okha, ndipo imeneyi ndi nthawi yowerenganso pepala lonse mwatsopano, popeza seed wamkulu akatuluka msanga, chigawo chake chimatseguka ndipo wina amene simunamuganizire amapezeka ndi njira yoyera yopita mu semifainolo.

Konzekeraninso nthawi yoonera. Mu nyengo ya Roland Garros nthawi ya ku Paris imafanana ndi yathu, ndipo London mu Julaye imatsalira ndi ola limodzi, choncho mipikisano iwiriyi imaoneka masana ndi madzulo. New York imatsalira ndi maola 6, moti masewero a usiku kumeneko amayamba 1 koloko m'bandakucha kuno. Melbourne mu Januwale imatsogola ndi maola 9, kotero masewero a masana amayamba cha m'ma 2 koloko usiku, pomwe a usiku amatipeza 10 koloko m'mawa. Fainolo ya amayi pa mipikisano yonse inayi imachitika Loweruka, ndipo ngati mumaonera kwa anzanu kapena ku malo oonetsera mpira, pemphani malo pasadakhale, chifukwa ya ku Melbourne ndi ya ku New York zimagwa m'miyezi imene ligi ya mpira wa miyendo ya ku England ili mkati.